Maloto a azakhali ndinawapeza m'mapepala a asayansi

Ndinapita ku Chitungwiza kukaona azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, amene anakwatiwa ku Zimbabwe ine ndisanabadwe. Amakhala ku St Mary's, ndipo Chichewa chawo chinasakanikirana ndi Chishona moti nsima amati sadza, koma nkhani ikafika pamtima amabwerera ku Chichewa cha kwathu ku Dedza. Ndinkaganiza kuti ndikabwerako ndi moni wa abale basi. Ndinabwerako ndi mapepala a kafukufuku m'chikwama, ndi dzina limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire: Collen Masimirembwa.

Zinayamba usiku wina magetsi atazima. Tinakhala pakhonde, azakhali akusenda mtedza, ndipo anayamba kukamba za zaka zimene ankamwa ma ARV akale aja, okhala ndi efavirenz. Za matenda awo sabisa, amakamba ngati akukamba za mvula.

"Mwana wanga, ndikangomeza piritsi lija usiku, bedi limazungulira ngati ndamwa kachasu, ine woti mowa sindinaulawepo. Ndikati ndigone, maloto. Amayi anu aakulu amene anamwalira kale atakhala kumiyendo kwanga, madzi akusefukira m'nyumba, njoka padenga. Kukacha mutu uli zii, mpaka mchere ndimathira kawiri m'ndiwo."

Ena anawauza kuti alodzedwa. Ena anati apite kwa aneneri akawapempherere. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti mnzawo wa kutchalitchi, amene ankamwa piritsi lomwelo pa ola lomwelo, ankagona tulo tofa nato. Azakhali anapirira osadumphitsa tsiku, mpaka pamene mankhwala anasinthidwa n'kubwera a dolutegravir. Maloto aja anatha.

Msuweni wanga, mwana wawo wotsiriza, akuphunzira za mankhwala ku Harare. Anali phee nthawi yonseyi. Kenako anatulutsa foni n'kunena kuti, "Asuweni, zimene akunena amayizi zinalembedwa. Anazilemba anthu a konkuno."

Ine ndine munthu wa nkhani ndi ndakatulo, mapepala a asayansi ndinkawaona ngati mpanda wa minga. Koma usiku umenewo ndinawerenga limodzi ndi iye, mzere ndi mzere, iye akumasulira. Pepalalo linatuluka mu 2008 m'magazini ya European Journal of Clinical Pharmacology. Dzina loyamba pa olemba ndi Nyakutira, lomaliza Masimirembwa, ndipo msuweni anandiuza kuti pamapepala otere dzina lomaliza kawirikawiri limakhala la mkulu wa gulu. Anayeza magazi a odwala 74 a ku Zimbabwe amene ankamwa efavirenz wa mlingo wa mamiligalamu 600, mlingo umene unkaperekedwa kwa wamkulu aliyense. Theka la anthuwo anapezeka ndi mankhwala ochuluka m'magazi kuposa malire oyenera.

Chifukwa chake chili m'chiwindi. Msuweni anachifanizira ndi chigayo. Mankhwala akalowa m'thupi n'kugwira ntchito yake, chiwindi chimawagaya kuti atuluke, ndipo zogayirazo ndi ma enzyme osiyanasiyana, aliyense ndi dzina lake. Wogaya efavirenz amatchedwa CYP2B6. Kapangidwe ka chigayo chimenechi munthu amatengera kwa makolo, mbali ina kwa bambo, ina kwa mayi. Pali mtundu wina wotchedwa CYP2B6*6 umene umagaya pang'onopang'ono. Amene anautengera mbali zonse ziwiri, piritsi la lero limapeza la dzulo lisanathe kugayidwa, la mawa n'kupeza onse awiri, monga mmene matumba a chimanga amaunjikirana pachigayo chofooka. Mankhwala ochulukawo akafika ku ubongo, ndiye chizungulire, kusowa tulo ndi maloto oopsa. Ofufuzawo atawerengera majini a CYP2B6 mwa odwala aja, anapeza kuti 49 mwa 100 alionse anali a mtundu wochedwawu, chiwerengero chokwera kwambiri kuposa cha azungu a ku Ulaya.

Mawu akuti majini atangotchulidwa, azakhali anasiya kusenda mtedza. Kwa iwo majini ndi mizimu yoipa, yomwe ija anthu ankati yawagwira. Msuweni anawagwira dzanja. "Ayi amayi, awa ndi ena. Ndi chibadwa, zimene munatengera kwa agogo, ngati mpata wa mano anuwo." Azakhali anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti sindinali wamisala." Magazi awo sanayezedwepo kuti tidziwe mtundu wa chigayo chawo, ndipo msuweni anawauza zimenezo mosabisa. Koma kungomva kuti alipo anthu ambiri amene anadutsa momwemo, ndiponso kuti chinthucho chili ndi dzina, kunawapeputsa moonekeratu.

Kuyambira pamenepo ndinafuna kudziwa munthu wa dzina lomaliza uja. Masimirembwa anaphunzira pa University of Zimbabwe, kenako ku Karolinska Institute ku Sweden, kumene anamaliza digiri ya udokotala wa kafukufuku mu 1995. Chaka chotsatira, iye ndi anzake, kuphatikizapo Julia Hasler, Leif Bertilsson ndi Magnus Ingelman-Sundberg, anatulutsa pepala mu British Journal of Clinical Pharmacology lofotokoza mtundu watsopano wa enzyme ina, CYP2D6. Anaupeza mwa anthu akuda a ku Zimbabwe, ndipo unapatsidwa dzina lakuti CYP2D6*17. Enzyme imeneyi imagwira mankhwala ambiri: ena a matenda a maganizo, ena a mtima, ngakhale codeine, amene sathetsa ululu bwino pokhapokha chiwindi chitamusandutsa morphine. Mtundu wa 17 umagwira ntchito mofooka, ndipo ngakhale uli wofala pakati pa anthu a mu Africa, kwa azungu supezekapezeka. Mankhwala ambiri ankayesedwa pa matupi a ku Ulaya ndi ku America, milingo n'kulembedwa pabotolo, botolo n'kubwera kuno. Mnyamata wa ku Zimbabwe anaonetsa ndi umboni wa mu labotale kuti chiwindi cha kuno chili ndi nkhani yakeyake.

Anagwira ntchito zaka pafupifupi 10 ku kampani yopanga mankhwala ya AstraZeneca ku Sweden. Akanatha kukhazikika komweko. Koma mu 2002, nthawi imene chuma cha Zimbabwe chinkagwa ndipo ophunzira ambiri ankathawira kunja, iye, adakali pantchitoyo, anakhazikitsa bungwe la African Institute of Biomedical Science and Technology ku Harare. Apa ndi pamene ndinamukondera.

Tsiku lotsatira msuweni anandionetsa chinthu china chimene chandigwira mpaka lero. Pa Google Scholar, pansi pa pepala lililonse pamakhala nambala yosonyeza mapepala ena amene analitchula. Wasayansi akamalemba, sangonena chinthu osatchula amene anayamba kuchipeza, ndipo kutchulidwa kulikonse kumawerengedwa. Masimirembwa ali ndi mapepala oposa 100, ndipo atchulidwa maulendo masauzande. Palinso muyeso wotchedwa h-index, umene katswiri wa fizikisi Jorge Hirsch anayambitsa mu 2005: munthu akakhala ndi h ya 30, ndiye kuti ali ndi mapepala 30 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 30. Pepala limodzi lotchuka silikwanira kuikweza, pamafunika kulima munda wonse chaka ndi chaka.

Nambalazo pazokha sizinandikhudze kwenikweni. Chinandikhudza ndi pamene ndinadina nambala ya pansi pa pepala la 1996 lija, n'kuona mndandanda wa olitchula ukutsika osatha, mayina a ku Africa, a ku Ulaya, a ku America, a ku Asia, zaka zikusinthasintha mpaka kufika masiku ano. Ndinakumbukira mmene akuluakulu a kwathu amachitira pamlandu wa malo, pamene aliyense amayamba ndi kutchula amene anamuuza: anandiuza malume anga, iwonso anauzidwa ndi agogo awo amene anadzala mtengo uja. Mawu opanda mwini salemera pabwalo. Ndinaona kuti asayansi nawo ali ndi mwambo womwewo, ndipo pabwalo lawo munthu wa ku Zimbabwe akutchulidwa ngati amene anadzala mtengo.

Njira ya kutchulanaku ndinaitsata kuti ndione kumene ikuthera. Mu 2015, Milcah Dhoro ndi anzake a gulu lomwelo anatulutsa kafukufuku wa odwala 185, ena a iwo ochokera ku chipatala cha Chitungwiza, ndipo anawerengera kuti amene anatengera mtundu wochedwa uja mbali zonse ziwiri angakwanitsidwe ndi mamiligalamu 200 okha patsiku. Chaka cha 2014, kafukufuku wina wa mayiko ambiri wotchedwa ENCORE1 anali ataonetsa kale kuti mlingo wa 400 umapondereza kachilombo mofanana ndi wa 600. Mu 2019, bungwe la akatswiri lotchedwa CPIC linatulutsa malangizo a madokotala akuti munthu wogaya efavirenz mochedwa angayambe ndi 400 kapena 200, ndipo Masimirembwa ali m'gulu la olemba malangizowo. Chaka cha 2018 anali atalandira mphoto ya HUGO African Prize. Magazi amene anatengedwa pamkono wa munthu wa ku Zengeza kapena ku Seke, munthu amene mwina anabwera pa kombi atadya kapena asanadye, anathandiza kusintha zimene dokotala wa kutali amawerenga asanalembe mankhwala.

Sindikunama kuti nambala zimanena zonse. Msuweni anandichenjeza kuti pepala likhoza kutchulidwa kambiri chifukwa anthu akulitsutsa, ndiponso kuti kafukufuku wa matenda a anthu osauka satchulidwa kambiri ngati wa matenda a mayiko olemera, chifukwa olemba za likodzo ndi ochepa. Mu 2019 akatswiri anawerengera kuti pa anthu amene chibadwa chawo chafufuzidwa m'makafukufuku akuluakulu a dziko lonse, pafupifupi 78 mwa 100 ndi ochokera ku mitundu ya ku Ulaya, pamene a mitundu ya mu Africa ndi 2 okha. Podziwa zimenezi, kutchulidwa kulikonse kwa pepala lochokera ku Harare ndimakuona kolemera kawiri.

Loweruka tinakwera kombi mpaka ku Zengeza, n'kuima kunja kwa Chitungwiza Central Hospital. Amayi ankagulitsa nthochi ndi maputi pageti, anthu akulowa ndi mabasiketi a chakudya cha odwala. Msuweni anandiuza kuti m'kati momwemo bungwe la Masimirembwa linakhazikitsa malo oyesera mankhwala pa anthu odzipereka, kumene munthu amamwa mankhwala n'kumatengedwa magazi pa maola oikika kuti aone mmene akukwerera ndi kutsika. Gulu limeneli lafufuzanso tamoxifen, mankhwala a khansa ya m'mawere, amene amadalira CYP2D6 yomwe ija kuti asanduke endoxifen, yemwe ndiye amamenya nkhondo yeniyeni. Lafufuzanso praziquantel, mankhwala a likodzo, n'kupeza kuti efavirenz amawatsitsa kwambiri m'magazi. Nditamva zimenezi maganizo anga anathamangira ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, kwa asodzi amene amakhala m'madzi tsiku lonse, ena a iwo atamwa ma ARV a 5A, okhala ndi efavirenz, zaka zingapo dziko la Malawi lisanasinthire ku a 13A, okhala ndi dolutegravir, mu 2019. Funso la ku Chitungwiza linali funso la kunyanja kwathu.

Tinapita kokasindikiza mapepala ku Makoni, ndipo ndinasindikiza anayi. M'mphepete mwake ndadzaza kale ndi pensulo, mawu a Chingelezi mbali ina, tanthauzo lake m'Chichewa mbali ina, monga mmene msuweni ankandiuzira.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, ndikumanga chikwama kuti ndikakwere basi ya ku Nyamapanda, azakhali anabwera ndi kabuku kawo ka kuchipatala, kokutidwa ndi pulasitiki, ndi cholembera.

"Mwana wanga, undilembere pachikuto apa dzina la bambo uja. Ulembenso dzina la chigayo chija, manambala ake onse. Lachitatu tili ndi msonkhano wa gulu lathu, ndipo pali mayi wina amene mpaka lero amakhulupirira kuti anamulodza apongozi ake."