Mpata wa Mumzere wa Mganda

Kwathu ku Ntchisi, chimanga chikalowa m'nkhokwe, madzulo amakhala a mganda. Ng'oma ikalira m'mudzi umodzi, mapiri amaitumiza kutali, mpaka anzathu a kumalire ndi Dowa amadziwa kuti tayamba kukonzekera mpikisano.

Chaka chatha nditapita kutchuthi, ndinapeza mzere wa m'mudzi mwathu utafupika. Anyamata ambiri anapita ku Lilongwe, ena ku Joni kukasaka maganyu. Pa anthu 20 amene ankavina ndili mwana, panatsala 11 okha. Amalume, omwe ndi mtsogoleri wa gululi, anandiitana nati, "Mphwanga, mzere wachitatu uli ndi mpata. Ukaimepo."

Kunena zoona, ndinachita manyazi. Mganda ndinkaudziwa wa m'mabuku. Ndinkatha kufotokoza kuti unachokera ku perete wa asilikali a King's African Rifles amene anamenya nawo nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo n'chifukwa chake ovina amavala makabudula oyera, masokosi aatali, n'kumayenda mwandawala. Ndinkathanso kunena kuti Gule Wamkulu, mnzake wa pabwalo lomwelo, anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005. Koma miyendo yanga inali isanaphunzire chilichonse. Ndinayankha kuti ndidzangoonerera.

Amalume sanakalipe. Anangoti, "Woonerera amabwera kukaona mudzi. Nanga mudziwo ukasanduka oonerera okhaokha, adzaona yani?"

Mawa lake ndinaima pampatapo, badza lili m'manja. Ndinkaphonya sitepe, ndipo ana ankaseka. Koma ng'oma itakolera, ndinaona chinthu chimene buku silinandiuze. Wa kumanja akaponda, nthaka inkandiuza nthawi yoponda. Amayi a chimtali, omwe anaima m'mbali, ankavomera nyimbo ndi kululutira, ndipo mpweya ukandithera, mawu awo ankandinyamula. Kutopa kwanga kunkagawidwa pakati pa anthu 12, pamene chimwemwe cha aliyense chinkafika chathunthu kwa ine.

M'kalasi timaphunzira za kachiwonjezero ka "-an-", kamene kamasonyeza kuchitirana, monga m'mawu akuti kuthandizana kapena kumverana. Mneni wotere safuna munthu mmodzi. Nyimbo zathu nazonso zili choncho: woyambitsa amasiya dala malo oti ena avomere, ndipo popanda ovomera nyimboyo ndi yoduka. Kaimbidwe kopolokezana kameneka kanawoloka nyanja ndi akapolo, ndipo mpaka lero kamamveka m'nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America.

Mpikisanowo sitinapambane, anzathu a ku Dowa anatiposa. Komabe pobwerera tinayenda usiku tikuimba, fumbi lili m'maso, ngati tatenga chikho.

Tchuthi chitatha ndinabwerera kusukulu, ndipo mpata uja unatsegukanso. Nkhawa yanga ndi yakuti ife ophunzira tidzalemba bwino mbiri ya magule amene tinakana kuvina. Chaka chino ndauza kale amalume kuti andisungire badza langa.