Wakhudza chiyani komaliza?

Gemu inakana kutseguka Lachiwiri madzulo, batire ya laputopu ili pa 61 peresenti. Kamzere kosonyeza kuti zinthu zikulowa kanayenda mpaka pakati, kenako kanangoima. Ndinadikira mphindi 10, ndinazimitsa, ndinayatsanso. Chimodzimodzi. Msuweni wanga, mwana wa amalume yemwe ali Fomu 1, anali atakhala pamkeka pambali panga, maso ali pa sikirini.

"Achimwene, mwapanga chiyani?"

"Palibe. Yangoyamba yokha."

Linali bodza, ndipo silinali loyamba chaka chino.

Kwathu ndi ku Chikombe, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima, pomwe maboti opita ku chilumba cha Mbenji amanyamukira. Aliyense wakuno amadziwa kuti kuyambira Disembala mpaka Malichi ku Mbenji sikuphedwa nsomba. Ndi lamulo la mfumu, lochokera m'zaka za m'ma 1950, lopatsa utaka mpata woswana. Chilumba chikatsegulidwa mu Epulo, kumeneko kulibe mowa, kulibe juga, kulibe chamba, ndipo akazi sapondako. Miyezi yotseka ija padoko pamachita ziii. Ena amakasaka nsomba kwina, ena amalowa m'munda, otsala amasoka makoka ndi kumata maboti.

Ine ndinafika mu Januwale ndi chikwama chimodzi ndi laputopu. Ndinauza aliyense kuti ndili pa tchuthi. Zoona zake n'zakuti kontirakiti yanga ku bungwe lina mu Lilongwe inatha mu Disembala, sanaiwonjezere, ndipo lendi inandikanika. Koma munthu amene mudzi wonse unamuimbira nthungululu atavala gauni angayambe bwanji kunena zimenezo? Ndiye ndinkangoti tchuthi. Masana ndinkatumiza makalata ofunsira ntchito netiweki ikalola, madzulo ndinkauluka kupita kumwezi.

Kwa amene simuidziwa, Kerbal Space Program ndi gemu yomanga maroketi. Inapangidwa ndi kampani ya Squad ya ku Mexico City, maganizo ake anali a Felipe Falanghe, ndipo anthu anayamba kuisewera mu 2011. Umalumikiza matanki, mainjini ndi kachipinda kokhalamo, n'kuikamo tianthu tobiriwira, totchuka kwambiri ndi Jebediah Kerman, amene amangomwetulira ngakhale roketi ikuphulika. Dziko lawo ndi Kerbin, miyezi yawo ndi iwiri, Mun ndi Minmus. Chokoma chake n'chakuti masamu ake ndi enieni. Mpweya wa Kerbin umathera pa makilomita 70, ndipo kuti chombo chizizungulira dzikolo osagwa, chiyenera kuthamanga cham'mbali pafupifupi mamita 2,300 pa sekondi. Msuweni wanga anamvetsa zimenezi msanga kuposa mmene ine ndinamvera physics ku sekondale. Tsiku lina anandiuza kuti, "Ndiye kuti chikugwa, koma dziko likuchithawa." Ndinamusiyira mpando.

Kwa milungu itatu mwanayu anamanga chombo chake. Chinaphulika kangapo, kenako chinauluka. Pofika Lolemba la sabata imeneyo, Jebediah anali panjira yopita ku Mun, ndipo tinagwirizana kuti Lachiwiri ndi tsiku lotera. Mwana anachapa mbale msanga tsiku limenelo, ndalama yotchajitsira pa sola anapempha yekha kwa amayi ake.

Apa ndifotokoze za ma mod. Mod ndi chinthu chimene munthu wamba walemba n'kuwonjezera pa gemu, nthawi zambiri kwaulere. MechJeb imakuwulutsira chombo yokha. Kerbal Engineer Redux imakuonetsa manambala onse. Kopernicus imalola kuti uwonjezere mapulaneti atsopano. Ndipo pansi pa zambiri mwa izi pali ModuleManager, imene imasintha mafayilo a zida pamene gemu ikutseguka. Zonse umaziponya m'foda imodzi yotchedwa GameData. Pali pulogalamu ina, CKAN, imene imaona ngati mod ikugwirizana ndi gemu yako, n'kukutsitsiranso zina zimene mod-yo imadalira. Ine sindinkaigwiritsa ntchito. Bandulo ndi ndalama, ndiye ndinkangokopera pamanja kuchokera pa fulashi ya mnzanga wa ku koleji. M'foda mwanga munali ma mod 32.

Wa nambala 32 ndinauika Lolemba usiku, anthu onse atagona. Tulo tinakana chifukwa cha kalata ina yondikana ntchito, ndiye ndinatsitsa mod ya mapulaneti atsopano, osawerenga n'komwe kuti inalembedwera mtundu uti wa gemu. Ndinangoponyamo n'kugona.

Ndiye gemu itakana, m'malo monena zimenezi, ndinayamba kufufuta zinthu mwachisawawa. Ndinachotsa iyi, ndinabwezera iyo, ndinachotsa zinayi pakamodzi. Mwangozi ndinachotsanso yolakwa ija pamodzi ndi zina, ndipo gemu inatseguka. Tinakuwa. Koma titalowa, panatuluka uthenga woti chombo china sichinalowe chifukwa zida zake zina palibe. Pa zimene ndinafufuta panali mod imene munali thanki ya chombo cha mwana uja. Tinayang'ana pa mapu: Kerbin ilipo, Mun ulipo, chombo kulibe.

Sanalire. Anangodzuka, n'kupinda mkeka.

"Mwina unadina penapake dzulo," ndinatero. Mawu amenewa ndimawamvabe mpaka lero.

Usiku womwewo ndinalembera mnzanga wa fulashi uja: "Aise, gemu sikugwira, thandize." Anandiyankha ndi voice note akuseka. "Ndine sing'anga ine, ndiwombeze? Tumiza KSP.log, undiuze version yako, undilembere ma mod onse. Komanso undiuze chimene waika komaliza." Ndinamutumizira zitatu zoyambazo. Funso lomaliza ndinalilumpha.

M'mawa mwake amalume anandituma kuti ndiwanyamulire sipanala kudoko. Epulo anali pafupi, ndipo injini ya boti lawo, Yamaha yakale, inkalira pang'ono n'kuzima. Anaikoleka pa thabwa pansi pa mtengo, mchira wake uli m'mgolo wa madzi. Pozungulira panali anthu osachepera khumi: alovi, eni maboti anzawo, ndi ongodutsa. Aliyense anali ndi matenda ake. Wina akuti pulagi. Wina akuti kabureta yatsekeka. Wina akuti injini zakalezi zimafuna kungogulitsa. Mnyamata wina anali atagwira kale sikuludiraiva kuti ayambe kumasula.

Panafika bambo wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti amakanika. Sanagwire injini. Anakhala pa chitsa n'kufunsa kuti, "Inalira bwino liti komaliza?"

"Lachisanu," anatero amalume.

"Kuchokera Lachisanu, ndani waikhudza, ndipo wakhudza chiyani?"

Panali chete. Amakanika sanakakamize. Anauza mnyamata uja kuti aike sikuludiraiva pansi. "Ukamasula zinthu zitatu pakamodzi, ikalira sudziwa chimene wakonza, ikakana sudziwa chimene wawononga." Anachotsa pulagi, anaigunditsa pa chitsulo, wina anakoka chingwe: moto unalipo. Anaibwezera. Kenako anafinya kampira ka paipi ya mafuta, n'kuthira petulo pang'ono m'botolo loyera. Analiika padzuwa, tonse tikuyang'ana. Patapita kanthawi, pansi pa botolo panaoneka kamzere. Madzi amalemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi.

Mlovi wina, wamng'ono kwa ine, anayang'ana pansi. Ananena motsitsa mawu kuti Loweruka anawonjezera malita asanu amene anagula kwa munthu wa zigubu, poti anali otchipa, ndipo chenji anadyera. Ndinkayembekeza kuti amalume amukalipira. Anangopukusa mutu. Amakanika ndi amene anayankhula: "Ukanatiuza m'mawa, bwenzi pano tikumwa tiyi." Anakhuthula thanki, anatsuka kabureta, anasakaniza petulo wina ndi oyilo. Pokoka kachitatu injini inalira, utsi wabuluu uli tolotolo.

Ndinabwerera kunyumba sipanala ili m'manja, manyazi ali kukhosi. Funso la amakanika linali lomwe lija la mnzanga wa ku Lilongwe. Mmodzi sanagwirepo kompyuta, winayo sadziwa kusiyanitsa utaka ndi chisawasawa, koma onse anayambira pamodzi: wakhudza chiyani komaliza? Ndipo ine ndi mlovi uja tinali gulu limodzi. Anthu khumi anataya m'mawa wonse chifukwa munthu mmodzi ankateteza nkhope yake.

Ndinamuimbira mnzanga. "Aise, Lolemba usiku ndinaika mod ya mapulaneti."

"Ndinaona kale mu log," anatero. "Ndimangodikira kuti unene wekha."

Fayilo ya KSP.log imalemba chilichonse chimene gemu ikuchita pamene ikutseguka, mzere ndi mzere, ndipo pomwe zavuta pamakhala mawu akuti Exception. Ilibe manyazi. Mod yanga ija inalembedwera mtundu wakale wa gemu, pomwe ine ndili ndi 1.12, yomaliza, ya mu 2021. Wolemba wake sanalakwe kanthu, analemba poyera mtundu umene imagwira. Ine ndi amene sindinawerenge.

Mnzangayo anandiphunzitsanso njira yoti ndizitsata ndikakhala kuti sindikudziwadi cholakwa. Choyamba, kopera foda ya saves uisunge pena, usayesere pa ulendo weniweni. Kenako gawa ma mod pakati, kusiya ModuleManager ndi zina zimene anzake amadalira. Theka lichotse, yatsa gemu. Ikatseguka, wolakwa ali m'gulu lomwe wachotsa. Ikakana, ali m'gulu lotsala. Gawanso pakati gulu lokayikitsalo. Pa ma mod 32 umatsika ku 16, ku 8, ku 4, ku 2, mpaka 1: kuyatsa kasanu kokha. Ine usiku uja ndinayatsa koposa kakhumi, batire mpaka kutha, ndipo chimene ndinapindula ndi kutaya chombo cha mwana.

Za chombocho, mwayi unalipo. Gemu imasunga makope angapo akale a fayilo ya persistent.sfs m'foda ya Backup. Ndinabwezera ma mod 31 aja, kusiya wolakwa, ndinatenga kope la Lolemba n'kuliika m'malo mwa lowonongeka. Ndisanayatse, ndinamuitana msuweni wanga.

"Sunadine kalikonse iwe. Ndine ndinaika chinthu usiku, ndipo ndinakunamizira. Pepa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndimadziwa, achimwene. Laputopu ija ndinaisiya ili pa 40, m'mawa inali pa 12."

Gemu inatseguka. Pa mapu panali kadontho pakati pa Kerbin ndi Mun, Jebediah ali m'kati, mano onse pamtunda. Mwana anatera yekha, popanda MechJeb. Mwendo umodzi wa chombo unathyoka, chinatsamira cham'mbali, koma chinaima. Anathamanga kukauza amayi ake, amene anamufunsa ngati kumwezi kuli nkhuni.

Chinatsala chinali chimodzi. Madzulo ake ndinawapeza amalume pakhonde akusoka chilimira. Ndinakhala pansi, ndinagwira mbali ina ya khoka ngati ndikuthandiza. Mawu ndinali nditawakonza bwinobwino, a mtundu wa ku ofesi, onena za ndalama za mabungwe ndi mmene zinthu zilili m'dziko. Atatuluka anali ochepa.

"Amalume, sindili pa tchuthi. Ntchito inatha mu Disembala."

Sanasiye kusoka. "Tchuthi cha miyezi itatu amapereka ndi a Makanjira okha, ndipo amapatsa nsomba." Anamanga mfundo, anadula ulusi ndi mano. "Amayi ako anandiuza mu Febuluwale kuti ukudya ngati munthu wa ngongole. Timangodikira."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandifunse. Anati munthu wamkulu safunsidwa zotere, amanena yekha. Kenako anayamba kuwerenga pa zala: mwana wa mnzawo amagwira ntchito ku boma ku Salima, angamve za mipata. Mwini boti wina akufuna munthu womulembera za mafuta ndi malipiro a alovi, poti chaka chatha anakangana. Iwonso kabuku kawo ka ngongole kanali kosokonekera. Zonsezi zinalipo kuyambira Januwale. Palibe amene akanandipatsa, chifukwa munthu wa pa tchuthi sapatsidwa ganyu.

Sindinena kuti zinthu zayenda. Makalata ndikutumizabe, mayankho ambiri sabwera. Panopa ndimalemba mabuku a maboti awiri, ndipo laputopu yomwe ija ili ndi fayilo ya malita a petulo, tsiku logula ndi kumene agulidwa. Mzere womalizawo ndinauwonjezera ndekha, ndipo mlovi uja ndi amene amaudzaza mokhulupirika kuposa onse.

Chilumba chikutsegulidwa posachedwa, ndipo amalume akuti ndikwere nawo ndikaone mmene utaka umawerengedwera. Msuweni wanga watsala ndi laputopu Loweruka ndi Lamlungu. Wandilonjeza kuti saikamo kalikonse, ndipo pa chivundikiro wamatapo kapepala kolemba ndi bolopeni: tsiku, dzina la mod, ndi amene waika. Pamzere woyamba analembapo dzina langa.