Udindo wa Aliyense Poteteza Khamu pa Zoimbaimba

Ntchito yoyang'anira khamu la anthu pa zoimbaimba imasiyana ndi ulonda, chifukwa mlonda kapena baunsa amasamala katundu ndi kuthana ndi munthu mmodzi wosokoneza, pamene woyang'anira khamu maso ake amakhala pa momwe anthu onse akulowera, akuimira ndi kutulukira. Chimene amachiopa kwambiri ndi kubanika, kumene kumachitika pamene chifuwa cha munthu chapanikizidwa kutsogolo ndi kumbuyo mwakuti sichingafutukuke kuti akoke mpweya, ndipo munthu angafe ali chiimire. Anthu akaposa asanu pa sikweya mita imodzi, ndiko kuti malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, munthu sayendanso mwa kufuna kwake koma amangotengeka ngati chitsotso pamadzi osefukira.

Udindo woyamba uli m'manja mwa wokonza chochitikacho, amene ambiri amamutcha pulomota, popeza ndiye amasankha malo, amadziwa kuchuluka kwa anthu amene malowo angalandire, ndipo sayenera kugulitsa matikiti oposa chiwerengerocho. Iyeyu, pamodzi ndi eni malo, ndiye amakhazikitsa nthawi yotsegulira mageti ndi chiwerengero cha mageti otsegulidwa, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepa nyimbo isanayambe n'komwe. Pa 6 July 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa Bingu National Stadium ku Lilongwe pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, mageti atachedwa kutsegulidwa ndipo khamu limene linaunjikana panja litakankhana polowa. Geti lotsekedwa silichepetsa anthu obwera, limangowadzazitsa pamalo amodzi, pamene akumbuyo sakudziwa kuti akutsogolo alibenso kolowera.

Pakati pa siteji ndi anthu pamakhala mpanda wachitsulo wofika m'chifuwa, umene uli ndi chitsulo chopyapyala choyalidwa pansi kumbali ya anthu kuti kulemera kwawo komwe kuugwire usagwe, ndiponso popondera kumbali ya siteji. Oyang'anira amene amaima pamenepa amafulatira woimba usiku wonse, ndipo amayang'ana nkhope za anthu m'mizere yakutsogolo. Munthu amene waloza nkhope kumwamba kufunafuna mpweya, amene manja ake apanikizika m'mbali osatha kuwakweza, kapena amene wasiya kuimba ndipo maso ake ali gwa, ayenera kutulutsidwa msangamsanga. Oyang'anira awiri amakwera popondera paja, n'kumugwira m'khwapa, n'kumudutsitsa pamwamba pa mpanda, kenako wachitatu amamulandira ndi kumuperekeza kwa achipatala. Wina amaima pamalo okwera n'kumaona ngati mitu ya anthu yayamba kuyenda pamodzi ngati funde, kapena ngati paoneka mpata mwadzidzidzi pakati pa khamu, chimene nthawi zambiri chimasonyeza kuti ena agwa pansi.

Zonsezi zimapita pachabe ngati palibe munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene ali ndi mphamvu yoimitsa nyimbo. Lamulo loimitsa chisangalalo limakonzedwa pasadakhale: woyang'anira akaona zoopsa amauza mkulu wa chitetezo pa wailesi ya m'manja, mkuluyo amauza munthu amene waima pambali pa siteji, amene woimba akumudziwa, ndipo nyimbo imadulidwa, magetsi amayatsidwa onse, anthu n'kupemphedwa pa chinkuzamawu kuti abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono. Ku Roskilde m'dziko la Denmark, pa 30 June 2000, anthu 9 anafa kutsogolo kwa siteji pamene gulu la Pearl Jam linkaimba, ndipo uthenga woti asiye unachedwa kufika kwa oimbawo. Pa chikondwerero cha nyimbo cha Astroworld mumzinda wa Houston, pa 5 November 2021, kumene anthu 10 anataya miyoyo, woimba Travis Scott anapitiriza kuimba kwa mphindi zoposa 30 akuluakulu atalengeza kale kuti pachitika ngozi yaikulu.

Apolisi udindo wawo ndi wosunga bata ndi kuthana ndi umbanda, koma zida zobalalitsira anthu monga utsi wokhetsa misozi zimakulitsa ngozi pamalo othithikana, chifukwa anthu amathamangira kumene kulibe njira. Achipatala amafunika njira ya ambulansi imene siitsekedwa ndi galimoto kapena ogulitsa malonda, ndipo woimba naye ali ndi gawo lake, popeza mawu ake ndi amene khamu limamvera kuposa a wina aliyense. Mutu umodzi susenza denga, komabe denga limagwa ngati aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye wagwira, n'chifukwa chake mageti asanatsegulidwe onsewa amakumana, ndipo aliyense amauzidwa malo ake, amene akumulamulira, ndi dzina la munthu amene mawu ake akatuluka nyimbo iyenera kuima.