CHITHUNZI CHA PAKHOMO LA KANEMA

Munthu aliyense amene adayendapo pamsika wa pa Mzimba boma, kapena pa Jenda tsiku la msika, amazidziwa tinyumba tija toonetseramo kanema. Tambiri ndi tamdima, tofoleredwa ndi malata akale, ndipo pakhomo pamalendewera chinsalu chotchinga maso a amene sadalipire. Koma ntchito yeniyeni ili kunja kwa khomolo. Pali bolodi lolembedwa ndi choko, pali chikuto cha filimu chokhomedwa ndi msomali, ndipo padenga pali chimkuzamawu chimene chimalavula kulira kwa mfuti ndi kukuwa kwa anthu mpaka kwa amayi ogulitsa tomato. Mwini nyumbayo sadaphunzire za malonda kusukulu ina iliyonse, komabe akuchita zomwezo zimene makampani a ku Hollywood amatayirapo ndalama zankhaninkhani, ndiko kugwira diso la munthu wodutsa lisanatembenukire kwina.

Ife a ku Mzimba kanema sitidayambe kumudziwa dzulo. Makolo athu amene ankapita kumigodi ya ku Joni ndi ya ku Copperbelt adabwerako ndi liwu loti bayisikopo, pakuti eni migodi ankaonetsa mafilimu m'makomboni. Ku Copperbelt anthu ankakonda mafilimu a anyamata okwera pa akavalo, ndipo ngwazi iliyonse ya m'mafilimuwo ankangoitcha Jack, kaya dzina lake lenileni ndi lotani. Chingerezi cha m'filimu sankachimva bwino, koma chipewa, mfuti ndi nkhonya ankaziona, ndipo zimenezo zinali zokwanira. Kuno kwathu wailesi ya kanema idachedwa kufika mpaka chaka cha 1999, ndipo lamulo la 1968 lidapatsa bungwe la boma mphamvu zodula kapena kuletsa filimu iliyonse. M'midzi, kanema amene tinkamuona ndi wa magalimoto a boma, wophunzitsa za ulimi ndi wosonyeza maulendo a Pulezidenti. Kanema wotere sankasowa chikwangwani. Galimoto ikangofika, mudzi wonse unkasonkhana pabwalo. Luso lokopa anthu ndi zithunzi lidatipeza pambuyo pake, pamene makaseti ndi majenereta adafika m'misika yathu, ndipo munthu adayenera kusankha khomo loti alowepo ndi kandalama kake.

Tsono tiyeni tichiyang'ane bwino chithunzi cha pakhomocho, chifukwa palibe kanthu kamene kadaikidwapo mwangozi. Choyamba ndi nkhope. Diso la munthu limafunafuna nkhope ya munthu mnzake kuyambira ali khanda, ndipo ojambula amadziwa zimenezi. Nkhope ya mwini filimu amaikulitsa kuposa nyumba, kuposa phiri, ndipo maso ake amawalozetsa kwa iwe wodutsa, kotero kuti umamva ngati akuitana iweyo. Kawirikawiri amamujambula kuchokera m'munsi, monga momwe mwana amaonera bambo wake, kuti aoneke wamkulu ndi woopsa. Kumbuyo kwake amaikako moto wofiira, pambali pake mtambo wobiriwira ngati thambo, pakuti mitundu iwiriyi ikayandikana imawalitsana, ndipo munthu amaiona ali patali. Ngakhale malo a dzina ndi nkhani yaikulu. Mu 1974, pokonza chikwangwani cha The Towering Inferno, akatswiri awiri, Steve McQueen ndi Paul Newman, aliyense sadafune kukhala wachiwiri. Adagwirizana kuti dzina la wina likhale kumanzere koma m'munsi, la mnzake kumanja koma m'mwamba, kuti aliyense athe kunena kuti ndiye woyamba. Ndikaganizira zimenezi ndimakumbukira mikangano ya mipando pa zikondwerero za kumudzi, ndipo ndimaona kuti mtima wa munthu ndi umodzi ponseponse.

Luso lina, limene ine ndimaliona ngati lalikulu koposa, ndi kusankha mphindi imodzi. Filimu imatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, koma chikwangwani chimangosonyeza kamphindi kamodzi, ndipo nthawi zina kamphindiko m'filimumo mulibe. Chikwangwani cha Jaws, filimu ya Steven Spielberg ya 1975, chimasonyeza mtsikana akusambira pamwamba pa madzi osadziwa kanthu, pamene m'munsi mwake chinsomba chachikulu chikukwera kukamwa kuli yasa. Adachijambula ndi Roger Kastel. M'filimu mwenimwenimo chinsombacho chimaoneka pang'ono chabe mpaka chakumapeto, mwa zina chifukwa chidole cha makina chimene adapanga chinkawonongekawonongeka m'madzi a mchere. Anthu adalipira chifukwa cha mantha amene chithunzi chidawalonjeza, ndipo poti filimuyo inali yabwino, palibe adadandaula.

Anzathu a ku Ghana adafika nalo patali lusoli. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kunali anthu oyendayenda m'midzi ndi wailesi ya kanema, makaseti ndi jenereta, ndipo ankalemba ganyu amisiri a penti kuti awajambulire zikwangwani pa matumba a ufa osokedwa pamodzi. Mmisiri nthawi zina ankajambula filimu imene sadaionepo. Ankangowonjezera minofu, magazi ndi mitu yoduka monga momwe mtima wake wafunira, kuti chinsalu chake chipose cha mnzake. Lero zinsalu zimenezo zimagulidwa ndi anthu osunga zojambulajambula ku Ulaya ndi ku America. Mafilimu a ku Nigeria, amene adafalikira kuyambira pa Living in Bondage mu 1992 nadzadza misika yathu m'zaka za m'ma 2000, adabwera ndi njira yawoyawo: chikuto chodzaza nkhope zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, wina akulira, wina watong'ola maso, wina wavala za using'anga, ndipo pakati pali galimoto ndi nyumba yosanja. Chikuto chotere chidagwira mitima ya amayi athu mwamsanga, chifukwa nsanje ya mitala, ufiti ndi chuma chodzera m'njira zokayikitsa ndi nkhani zimene ankazidziwa kale.

Sindikudana nalo luso limeneli. Wogulitsa tomato pa Jenda amaika zazikulu ndi zofiira pamwamba pa mulu, ndipo tonse timadziwa, sitimutcha wakuba. Chimene chimandivuta ndi chakuti pa kanema, chimene chimabisidwa pansi pa mulu kawirikawiri ndicho chenicheni cha nkhaniyo. Taonani First Blood, filimu yoyamba ya Rambo ya 1982, imene anyamata a msinkhu wanga adaionera kambirimbiri. Pa chikwangwani pali Sylvester Stallone, mikono ili panja, atanyamula chimfuti ndi lamba wa zipolopolo. Koma nkhani yake ndi ya msilikali wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam, amene anzake onse adafa, wopanda ntchito, wothamangitsidwa m'tauni ngati galu. Kumapeto kwa filimuyo munthu wamphamvu uja amagwa pansi nalira ngati mwana, akusimba za mnzake amene adaphulitsidwa ndi bomba. Ndidamvapo ana ambiri akutchana Rambo pabwalo la mpira, ndidawaona atamanga kansalu pamphumi, koma sindidamvepo ndi mmodzi yemwe akusimba za kulira kuja. Mawu ake anali a Chingerezi chothamanga, ndipo chithunzi cha pakhomo chinali chitawauza kale chimene ayenera kuona. Akulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Apa zidatembenuka: m'kati munali chakudya, koma ana adakhuta khungu.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno mwapadera. Boma la Mzimba limadziwika m'dziko lonse ndi anyamata opita ku Joni, ndipo pafupifupi banja lililonse ku Embangweni, ku Edingeni kapena ku Luwerezi lili ndi wake kumeneko. Anyamatawa adaleredwa ndi zithunzi za pakhomo la kanema, ndipo luso lija adaliphunzira osadziwa. Chithunzi chimene chimafika pa WhatsApp ya mng'ono wawo kumudzi chimakhala chokonzedwa ngati chikwangwani: munthu waima patsogolo pa galimoto, nsapato zatsopano, foni ili m'munsi kuti aoneke wamtali, kumbuyo kuli nyumba zosanja. Ndi mphindi imodzi yosankhidwa bwino. Kachipinda kamalata kogonamo anthu anayi sikaoneka, mantha a apolisi saoneka, ndipo masiku a chipolowe cha 2008 ndi 2015, pamene Amalawi ambiri adabwezedwa pa mabasi ali chimanjamanja, pa chithunzipo palibe. Sindiwadzudzula, pakuti munthu safuna kuliza mayi wake, ndiponso ambiri amangadi nyumba zabwino ndi kuphunzitsa abale awo ndi thukuta la kumeneko. Koma mnyamata wa Fomu 2 amene waona chithunzicho amalipira pakhomo ndi sukulu yake, ndipo akalowa m'kati satulukamo patatha maola awiri.

Masiku ano chikwangwani chachoka pakhoma, chalowa m'thumba. Tinyumba ta kanema tambiri timadalira mpira wa ku England, ndipo mafilimu amayenda pa makhadi a m'foni, ena atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata oseketsa amene mawu awo amakopa kuposa filimu yomwe. Kwa amene ali ndi intaneti zinthu zapita patsogolo modabwitsa. Kampani ya Netflix idalongosola poyera mu 2017 kuti filimu imodzi imaisonyeza ndi zithunzi zosiyana kwa anthu osiyana: wokonda za chikondi amaona mwamuna ndi mkazi atayandikana, wokonda nthabwala amaona nkhope ya woseketsa. Mwini kanema wa pa Jenda amakhoma chikuto chimodzi pamaso pa onse, ndipo agogo odutsa angathe kuchiona nadziwa chimene adzukulu awo akuonera. Chithunzi cha m'foni chimaonedwa ndi munthu mmodzi, ndipo chidasankhidwa ndi makina amene akhala akuwerenga zofooka zake.

Tsono mafilimu athu eni tiwakopere bwanji anthu? Tili nawo ndithu. Shemu Joyah adatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula idapata mphotho ku Nigeria mu 2016. Mu 2019 dziko lonse lidaonera The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu limene tachita nalo malire, ndipo mbali yaikulu ya mawu ake ndi Chichewa. M'mafilimu amenewa ngwazi ndi mtsikana wantchito wolandidwa mwana, msodzi amene nyanja yamuumira, mnyamata wotola zitsulo kudzala m'chaka cha njala. Alibe chimfuti, alibe moto kumbuyo. Wojambula chikwangwani chawo ali ndi nkhope yokha, nkhope yofanana ndi ya mlongo wako kapena ya malume ako, ndipo ayenera kuiika pakhoma limodzi ndi Rambo. Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa ya Roger Kastel, ndipo pa zikuto zonse zimene ndaona zitakhomedwa pamakomo kuyambira pa Mzimba boma mpaka pa Jenda, nkhope ya mtundu umenewo ndidakali kuifunafuna.