Matayala kaye, 4x4 pambuyo

Anzanga ambiri akangoyamba ntchito amalota Land Cruiser kapena Hilux, ati akakwera imeneyo palibe msewu wowaopsa. Ine sindivomereza. Chomwe chimagwira nthaka ndi tayala, osati dzina la galimoto.

Pamchenga wa ku Senga Bay ndimaphwetsako matayala kuti aphwatalale. Opopa kwambiri amangokumba mpaka galimoto kukhala pamimba. Matope ndiye nkhani ina. Makande a ku Chikwawa akanyowa amamatirira n'kutseka mano a tayala, basi onse anayi kumangozungulira pamalo amodzi. Apo 4x4 yangokuthandizani kukatitimira kutali, komwe thirakitala ichedwa kufika.

Ndi kandalama kanga koyamba, ndidzagula pikiapu yakale, n'kuiveka matayala a mano akuya, khasu ndi chingwe kumbuyo.