Kompyuta ikahang'a, yambani mwaifunsa

Ambiri a ife kompyuta ikangohang'a timathamangira zinthu ziwiri: kuzula pulagi kukhoma, kapena kuinyamula kuti akaifomate. Kuzula pulagi kumatha kuononga mafayilo, kufomata kumadya ndalama ndi zonse munasunga. Chonsecho kompyuta ya Linux imalemba yokha zomwe zikuichitikira. Chimangosowa ndi munthu woiwerenga.

Yanga ndi desikitopu ya kaunjika yomwe ndimatayipira anthu ma CV, makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati kuno ku Ndirande. Muli Ubuntu, mtundu wa Linux womwe unatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali tanthauzo lake ndi umunthu, ndipo ndi waulere. Dzuwa la Okutobala litaswa mtengo, makina anga anayamba kuuma masana aliwonse. Mausi osayenda, kasitomala ali chilili, kalata yake ikufunika tsiku lomwelo. Apa ndalama ya lendi inali pachiswe.

Choyamba ndinayesa Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi. Pakabwera sikirini yakuda yofunsa dzina ndi pasiwedi, dziwani kuti mtima wa makinawo ukugundabe, changouma ndi chithunzi chabe. Mukalowa lembani top, muona pulogalamu yomwe ikudya memore. Kawirikawiri ndi browser yotsegula masamba ambirimbiri pa RAM ya 4GB. Itsekeni, mubwerere ndi Ctrl, Alt ndi F2.

Masiku ena nayonso imakana. Pamenepo ndimagwira Alt ndi SysRq, batani lomwe nthawi zambiri limakhala limodzi ndi Print Screen, n'kudina S, U, kenako B, modekha. S amalemba pa disiki zomwe zinali zisanasungike, U amaiteteza, B amayatsanso makina.

Itayaka ndinalemba journalctl -b -1 -e. Lamuloli limaonetsa mizere yomaliza yomwe kompyuta inalemba isanazime. Yanga inkangobwereza nkhani imodzi: purosesa yatentha kwambiri, ikuchepetsa liwiro. Nditatsegula chibokosi, mayo ine! Fumbi la mumsewu wathu linali litaundana pa fani ngati bulangeti. Ndinalichotsa ndi kabulashi kouma makina atazulidwa kumagetsi, ndinapaka thermal paste yatsopano pa purosesa, n'kuichotsa pansi kuiika pa tebulo kuti izipuma mphepo. Kuhang'a kunathera pomwepo.

Kwa inu mwina gwero likhala lina. Ngati zolembazo sizikuonetsa kanthu, yesani RAM ndi Memtest86+ usiku wonse. Mizere yofiira ikaoneka, kamemoreko n'kotha. Ngati imauma magetsi akamaphethira, ganizirani za UPS. Ngati makinawo ndi okalamba, Lubuntu kapena Xubuntu ndi opepuka. Ndipo ntchito ya anthu muziisunganso pa fulashi, chifukwa disiki siitsanzika.

Sindikuti amisiri okonza makompyuta alibe ntchito. Koma kupita kwa iwo mukudziwa kuti vuto ndi kutentha kapena memore kumasiyana ndi kungonena kuti “yangofa”. Woyambayo amalipira chinthu chimodzi, winayo amalipira zongoganizira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa Linux kudekhako ndi mphindi khumi zowerenga zomwe makina anu alemba.