Mpata wa pansi pa chitseko

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Malo anga ali ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, pamene mageti, mafelemu a zitseko ndi a mawindo amaimikidwa mondondozana kudikira ogula. Ndinaphunzira m'manja mwa amalume anga, amene anachoka ku Katete ali mnyamata. Iwo sankawerengera geti kuti latha pa tsiku lolipachika. Ankadikira mvula yoyamba, ndipo mwini wake akapanda kubwera ndi dandaulo, m'pamene ankati ntchito ija yatha.

Chitseko cha galaja sichingagunde pansi. Chimafuna mpata, mwina wa zala ziwiri, kuti chizitseguka osakhula simenti. Mpata umenewo ndiwo umalowetsa zonse. Mu August ndi September mphepo imakankhiramo fumbi, masamba ndi timapepala ta pulasitiki. Makoswe amadutsa chaka chonse. Kuyambira November mpaka March ndi madzi. Ndipo m'makomboni mwathu m'galaja simugona galimoto yokha. Mumakhala matumba a ufa, makala, mabelo a salaula, firiji ya pa kantemba. Ena anaisandutsa chipinda cha lendi, matilesi ali pansi, ana akugona pomwepo.

Munthu akandiitana kuti ndikatseke mpatawo, sindiyamba ndi chitsulo. Ndimapempha ndowa ya madzi, ndithire panja pa chitseko, ndione kumene akuthamangira. Levulo ndili nayo, koma mwini nyumba amakhulupirira msanga akaona ndi maso ake madzi akulowera m'nyumba mwake. Magalaja ambiri anamangidwa msewu uli m'munsi. Kenako msewu unathiridwa dothi ndi miyala chaka ndi chaka, kapena unaikidwa phula, n'kukwera kuposa bwalo. Zikatero labala wotsekera mpatawo yekha sangathandize. Poyamba pafunika kukonza pabwalo kuti patsetsereke kuchoka pakhomo, masentimita awiri pa mita iliyonse, ndi kukumba kangalande kutsogolo kwa chitseko kovindikira ndi zitsulo zoti tayala liponde.

Kenako ndimaumba chiundo, chimene makasitomala amangoti hampu. Ndimasema simenti yakale ndi tchizulo m'lifupi monse mwa khomo kuti konkire watsopano alume, chifukwa wongopaka pamwamba amasuwa galimoto ikapondapo kangapo. Ndimayala angle iron ya mamilimita 40, yowotchereredwa timiyendo tolowa pansi, n'kuthira konkire: muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala. Msinkhu wake usapitirire masentimita anayi kapena asanu, ndipo mbali zonse ziwiri zitsetsereke bwino, apo ayi kagalimoto kotsika ngati Vitz kazigunda ndi mimba. Chovuta kwambiri ndi kuuza mwini wake kuti galimoto igone kwina masiku asanu ndi awiri, chiundo chili chofunda masaka onyowa. Ambiri amafuna kulowa mawa lake lomwe. Ndimawachonderera, chifukwa konkire wouma msanga ndi dzuwa la October amang'aluka, ndipo madzi sasowa mng'alu.

Labala ndimadula ku lamba wakale wa makina onyamula miyala, wonga amene amagwira ntchito ku migodi ya ku Copperbelt ndi kokumba miyala. Ndi wolimba, ali ndi ulusi m'kati, satha m'zaka ziwiri kapena zitatu zokha ngati chubu cha tayala chimene dzuwa limachiphika. Ndimamupana kumunsi kwa chitseko ndi flat bar ndi mabawuti, osati kumata. Mabowo ake ndimaboola aatali, kuti labala akadyeka mwini wake amasule mabawuti, amutsitse pang'ono, amangenso, popanda kundiitana. Chitseko chikatsekedwa, labalayo azipindika pang'ono pogunda chitsulo cha chiundo. Ndimalowa m'kati masana, mnyamata wanga n'kutseka. Paliponse pamene ndaona kuwala, madzi adzalowa pomwepo.

Makona ndinawaphunzira movutika. Ndili wamng'ono pantchito ndinakonza khomo la mayi wina ku Mtendere, wogulitsa ufa. Pakati ponse panali bwino, koma ndinasiya kampata kumene chiundo chimakumana ndi felemu. Mvula ya usiku umodzi inanyowetsa matumba onse apansi. Anabwera m'mawa, sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, tiye ukaone." Ndinakonzanso ulere, koma ufa wawo unali utapita kale, ndipo mpaka lero ndikamamaliza ntchito ndimagwada pa kona iliyonse ndi tochi. Chiundo ndimachilowetsa m'khoma mbali zonse, labala ndimamukweza m'mbali mwa felemu kutalika kwa chikhatho.

M'masitolo a hardware mukupezeka labala wopangiratu, womata pansi ndi guluu. Sindimunyoza. Pa simenti yosalala, youma ndi yoyera amagwira ndithu. Koma pansi pa magalaja athu ambiri ndi pa mabampu, simenti yake inachepa, imafumbuka ukaikanda ndi chala. Guluu amagwira fumbi lokhalo, ndipo pofika January labala uja ali m'mbali.

Pali malo amene ndimakana ndalama. Ku Kanyama, ndi mbali zina za Chawama ndi George, nthaka ndi yafulati ndipo pansi pake pali mwala wa laimu wokhala ndi mapanga odzaza madzi. Mvula ikalimbikira, madzi a pansiwo amakwera. Sadzera pakhomo, amatumphuka m'ming'alu ya simenti m'kati mwenimweni mwa nyumba. Ndinaimapo m'galaja ina chitseko chili chotseka bwino, madzi akufika m'akakolo. Bambo wa pamenepo ankafuna ndiwaikire labala wokhuthala kuposa woyamba. Ndinawauza kuti, "Bambo, musataye ndalama zanu pa ine. Itanani womanga akweze pansi ponse, mizere iwiri ya mabuloko, kenako ine ndidzadule chitseko ndi kuchipachikanso." Anakhumudwa, koma akanagula labalayo akanakhumudwa kawiri.

Chimandiwawa ndi chakuti madzi amenewo si a mvula okha. Zimbudzi zokumba zikadzaza zimasefukira m'madzi omwewo, ndipo ndi omwe amalowa m'chipinda mogona ana. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inakantha kwambiri Kanyama ndi Chipata komboni. Ya 2023 mpaka 2024 inafika poti National Heroes Stadium inasanduka chipatala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka February. Ngalande ya Bombay itakonzedwa ndi thandizo la dziko la America, madzi a m'tauni anapeza njira, koma ngalande yaikulu sithandiza ngati tingalande tathu ta pakhomo tadzaza mabotolo ndi mapepala. N'chifukwa chake chovindikira cha kangalande sindichiwotcherera. Ndimachisiya chonyamuka, kuti munthu azichotsa zinyalala ndi fosholo mvula isanayambe.

Funso lomaliza pa ntchito iliyonse ndi la kumene madzi ndawabwezawo apite. Mapuloti athu ndi othinana, khoma la uyu ndi khoma la uyo. Ukatchinga pakhomo pako mosaganiza, madzi onse amakhotera kwa neba, ndipo anthu amene ankabwerekana mchere amayamba kusalankhulana. Sabata yatha ku Matero ndinaitana eni nyumba ziwiri zoyandikana ndisanakumbe. Tinathira ndowa zitatu, tonse tikuyang'ana. Madzi anasonyeza okha kuti kangalande kayenera kudutsa kutsogolo kwa mageti onse awiri mpaka kumsewu. Anagawana mtengo wa simenti, ine ndinawonjezera mamita anayi a chovindikira, ndipo Loweruka ndikupita kukachotsa masaka pa chiundo.